Masamba Khumi ndi Awiri

Ku Punta Arenas, m'sitolo ya a Hermógenes,
filimu amasunga m'firiji limodzi ndi tchizi.
Anatulutsa mabokosi awiri, ozizira ngati mphuno ya galu,
n'kufunsa, "Mukulowera kuti, mayi Eulalia?"
Kumapiri, ndinatero, masiku asanu ndi anayi, wapansi.
"Ndiye sankhani ndi msana, osati ndi maso."

Iyi ndi silaidi, anatero.
Kufiira kwake kumakuwa, kubiriwira kumaledzeretsa,
koma sidziwa kukhululuka:
mukangophonya kuwala pang'ono,
mthunzi usanduka khala,
chipale chofewa n'kuyera mbee, chopanda nkhope.
Iyi ndi negetivi, yofatsa.
Imameza zolakwa zanu osakuuzani.
Mitundu yake imayankhula chapansipansi
ngati mlendo pamaliro.

Ndalama zinakwana masamba khumi ndi awiri.
Asanu ndi atatu ofatsa, anayi aukali.
Pabwalo la ndege ndinachonderera msilikali
kuti asawalowetse m'makina ounika katundu;
anagwedeza bokosi pafupi ndi khutu
ngati muli machesi.

Usiku, m'kanyumba kamalata,
manja onse m'thumba lakuda,
ndinalonga masamba m'makaseti
chala chikuwerenga timano ta pangodya.
Mumdima filimu ilibe mtundu.
Ili ndi timano basi,
ndipo chala chozizira chimanama.

Tsiku loyamba mvula.
Lachiwiri mvula.
Lachitatu mphepo inalowa mumvukuto wa kamera
n'kuupumitsa ngati chifuwa cha wodwala mphumu.
Ndinakumbatira miyendo itatu ija
osajambula kanthu.
Mapewa anayamba kuwerenga makilogalamu mokweza.

Pansi pa nsalu yakuda dziko limaima chadodolido:
nyanja pamwamba, mitambo kumapazi,
nkhosa zikudya udzu wa padenga.
Mpweya wanga umachita nthunzi pagalasi,
ndipukuta, ndipumanso, ndipukutanso.
Ofatsa aja ndinawatha mmodzimmodzi
pamiyala yotuwa, pamitengo yopindidwa ndi mphepo,
pamadzi oundana obiriwira ngati botolo losweka.
Aukali atatu anapita ndi dzuwa lonama
lomwe linkathawa ndisanatseke diso la kamera.

Linatsala limodzi.
Ndinalisungira nsonga zitatu zija,
zimene zimayaka m'bandakucha
kwa mphindi zosakwana kuwiritsa dzira.

M'mawa womaliza nsonga sizinabwere.
Mtambo unazikhalira ngati nkhuku yofungatira.
Ndinali kupinda nsalu
pamene Baldomero Paillán, woweta nkhosa,
anatuluka kuseri kwa khola
n'kuyanika bulangete lofiira pawaya.
Dzuwa linaboola pena pake, kabowo kakang'ono,
n'kugwera pabulangetepo,
pa kavalo wotuwa, pa utsi wa chitofu.
Kumbuyo konse kuli bii.

Kuwala kotere ndi kwa negetivi, ndikudziwa.
Mdima wachuluka, silaidi idzaumeza wonse.
Koma mlendo sasankha mphasa.
Ndinayeza pabulangete pokha,
zina zonse ndinazipereka kwa mdima.
Theka la sekondi.
Kavalo anapukusa mchira.

Baldomero anandipatsa kapu ya mate,
n'kufunsa ngati angaone chithunzicho.
Ndinati pakatha milungu itatu, mwina inayi,
chikatsukidwa ku Santiago.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Ndiye mwanyamula chiyani m'bokosimo?"

Sindinamuyankhe.
M'basi yobwerera ndinaika makaseti kutali ndi hita,
pakati pa masokosi ndi buledi wouma.
Tayala lililonse likagunda dzenje
ndinkagwira chikwama pamtima.
Pena chala chinkandikumbutsa usiku uja:
kodi timano tinali tiwiri, kapena titatu?
Mwina tsamba lomaliza linali lofatsa.
Mwina ndinaopa pachabe.

Kunja pawindo zigwa zinkathamangira kumbuyo,
zachikasu, zotuwa, zachikasu,
ndipo ndinalibe tsamba loti ndizisankhire.
Ndinangoyang'ana.