Mawu Obwereka

Bambo anga ndi afupi, a mapewa ogwa.
Amaopa agalu. Amayetsemula katatu
akamva fungo la tsabola wokazinga.
Koma mzinda wonse wa Mexico umawadziwa osawadziwa:
mawu awo ndi amene amatuluka m'kamwa
mwa ziphona za m'makanema ochokera kumpoto,
zija zophulitsa mlatho n'kumachoka osacheuka.

M'mawa amakwera sitima ya pansi pa nthaka
kuchoka ku Iztapalapa, mpango uli pakhosi,
kabotolo ka uchi ndi mandimu m'thumba la jekete.
M'kachipinda kopanda zenera
amadikira milomo ya chiphona itseguke,
kenako n'kuibwereka Chisipanishi.

"Tsitsa, Gervasio," amatero a Rutilio kuseri kwa galasi.
"Mawu achokere m'mimba.
Munthu uyu sapempha, safunsa njira."

Amayi ankayendetsa basi ya usiku,
choncho tsitsi langa ankaluka ndi bambo,
chipeso atachiluma, zala zikunjenjemera,
mzere wa pakati wokhota ngati msewu wa kuphiri.
"Ndakoka kwambiri, Itzel?"
Mawu omwewo.
Omwewo amene dzulo lake anauza anthu makumi awiri
kuti asankhe manda awo.

Kusukulu anyamata ankawatsanzira,
zala ziwiri zitasanduka mfuti,
kukhosi kukukana, poti ndevu zinali zisanamere.
Anamuzungulira Efraín tsiku limene analira
galu wake atagundidwa,
namulankhula ndi mawu a bambo anga.
Ine ndinaima pafupi ndi mpopi.
Sindinanene kanthu. Mpaka lero zimandiwawa.

Chaka chimene amalume a Nicanor anagwa
kuchokera pansanjika yachisanu ndi chimodzi,
ndowa ya simenti ikadali m'manja,
bambo anapuma masiku atatu okha.
Lachinayi lake pepala linati:
chiphona chaima pa mtembo wa mng'ono wake,
mvula ikugwa, chikuyang'ana kutali,
ndipo chikuti, "Tiyeni."
Liwu limodzi basi.

Analiyesa kakhumi ndi kamodzi.
Nthawi zonse linkathyokera pakati.
A Rutilio anavula magalasi, napukuta, navalanso.
"Pepa, m'bale. Izi sangagule."
Ulendo wakhumi ndi chiwiri linatuluka louma, gwa,
ngati mwala woponyedwa m'chitsime chopanda madzi.
Limenelo ndi limene lili m'kanema.

Enawo anati afufutidwe.
Koma Xóchitl, mtsikana wa pamakina,
anabisa lachisanu ndi chiwiri.
Anadzandipatsa patapita zaka, osafotokoza,
m'kachipangizo kochepa ngati chala cha mwana.

Mwezi watha, m'basi yopita ku Puebla,
anaika kanema yemweyo pamwamba pa dalaivala.
Mvula ija, mtembo uja.
"Tiyeni."
Bambo wina wa chipewa chachikulu anagwedeza mutu,
nagunda mwana wake ndi chigongono:
"Wamva? Ameneyo ndiye mwamuna."
Mwanayo anali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu.
Anameza chimene ankatafuna, nawongola msana.

Ine ndinatseka makutu ndi timawaya tanga,
ndinasaka lachisanu ndi chiwiri lija.
Limayamba ndi mpweya wautali.
Pepala likuchita phokoso m'manja.
Kenako "Ti—"
ndi kachetechete wokwana kuwerenga mpaka sikisi,
mphuno ikukokedwa,
ndi munthu wamfupi woopa agalu
akunena chapansipansi, kutali ndi maikolofoni:
"Ankandinyamula pakhosi popita kumsika.
Pepani. Tibwereze."

Basi inalowa m'mapiri.
Pagalasi paja chiphona chinali chitakwera kale galimoto,
nkhope youma ngakhale mvula inali yonseyo.
Kunyumba, ndikudziwa, bambo anali pakhonde
akuyanika yunifolomu ya amayi,
zopanira zovala ziwiri atazilumanso,
akuitembenuza kuti dzuwa lisaifufutse mtundu.