Manja a Kondakitala

Manja angawa amadzuka mdima usanathe
kukakoka chitseko cha minibasi.
Ndirande, Limbe! Limbe, Ndirande!
Tsiku lonse ndi kulandira.
Ndalama ina yatuluka m'kamisolo, idakali yofunda,
ina m'sokosi,
ina mayi wa usipa waimasula pamfundo ya chitenje,
ina mnyamata waifumbata m'dzanja lomwe wangominira.
Ndimazipinda pakati pa zala,
kunyambita chala, n'kuwerenga.
Kwacha sindinaifunsepo kumene yagona.

Madzulo ndikatsetsereka kwa Makata
Ndaziona ankandichingamira panjira,
ine n'kumunyemera mandasi ndi zala zomwezo,
n'kumupukuta shuga pamlomo.

Chaka chija Nasolo anasefukira,
kukokolola zimbudzi za m'mbali mwake.
Usiku wa Lachinayi mwana anayamba kutaya madzi,
oyera ngati otsukira mpunga.
Pofika mbandakucha maso anali atalowa m'kati,
kulira kopanda misozi.
Ndinamubereka ndekha mpaka ku Gulupu,
ine woitanira anthu, pakamwa pali gwa.

Anamugoneka pa bedi loboola pakati.
Diripi inadontha masiku atatu.
Namwino sanandikalipire.
Anangoti, Bambo, tambasulani manja,
n'kundithira madzi onunkha kolorini.
Ndinaona zakuda zikuyenderera m'beseni,
za Limbe yense, za m'zikhadabo zanga.

Kaya chinali chitsime, kaya ndinali ine,
sindidziwa mpaka lero.
Usiku ndimazifunsabe zalazi, siziyankha.

Tsopano pakhomo pali chigubu chopachika pamtengo,
kasopo kakulendewera pachingwe.
Mtengo wake ndi wa munthu mmodzi wotsikira pa Chinseu,
ndipo masiku ena ndimachita kudula pa ndalama ya ndiwo.
Che Jafali, dalaivala wanga, amaseka
akandiona ndikufunafuna mpopi ndisanagule chimanga chootcha:
Wasanduka dokotala liti, iwe?
Ndimaseka nawo.
Iwo sanamve kupepuka kwa mwana uja kumsana.

Ndaziona amandichingamirabe,
koma amaima patali, manja kumbuyo,
nkhope ngati ya wapolisi wa pamsewu.
Ababa, kaye!
Ndimapondereza kamtengo, madzi n'kutsika,
thovu pakati pa zala, kuseri, m'zikhadabo,
iye akuwerenga mokweza,
kudumpha seveni monga mwa masiku onse.
Akafika twente amandinunkhiza m'manja.
Akakhutira,
ndiye amakweza mikono kuti ndimunyamule.