Chumuni cha ku Sunnyside

Ndinamanga kamwala kunsonga ya chingwe,
ndinakhoma msomali pamwamba pa chumuni,
n'kusiya.
Kamwala kanazungulira, kanazungulira, kanaima.
Pamwamba chingwe chikukhudza khoma,
pansi chatalikira zala zitatu
ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira yopapatiza.
Pakati khoma latupa mimba,
kumanzere lalowa m'kati ngati tsaya lopanda mano.

Mayi Nankwenya ali pakhomo, kapu ya tiyi m'manja:
"Ine ndikufuna ziongoke, a Likoswe,
monga pachithunzi chija ndinakuonetsani pafoni."
Ya pachithunziyo ndi nyumba yadzulodzuloli.
Ino inamangidwa bambo anga asanamere ndevu,
phiri la Soche likadali ndi mitengo.

Ndinagogoda pulasitala ndi chigwiriro cha chipande.
Apa pakuti gu. Apa pakuti pho.
Pa pho ponse ndinagwetsa,
mwaye wakalekale n'kutsikira m'kolala,
Yotamu n'kuyetsemula kasanu, ndowa ili m'manja.
Ndipo apo, m'dothi louma pakati pa njerwa ziwiri,
chidindo cha chala chachikulu cha munthu.
Ndinaikapo changa. Chinakwana.

Iwe mnzanga, unkathamangira kuti tsiku limenelo?
Kodi kapitawo anali pamsana pako?
Kapena iwe unaimika bwino, yatopa ndi nthaka?
Sindikukunyoza ayi.
Nanenso ku Chirimba kuli makoma
amene sindidutsako dzuwa likuwala.

Penti ndi waulemu, amatsata khoma kulikonse lapita.
Tayilosi ndi kazitape.
Ukaphonya ndi chikhadabo pamzere woyamba,
pofika pamwamba mzerewo ukuloza iwe
pamaso pa mlendo aliyense wodzaotha moto.

Ndiye ndinaponda simenti ndi mchenga wosefa,
pansi kupaka mokhuthala,
pamwamba mopyapyala ngati majarini kumapeto kwa mwezi,
thabwa lowongoka likukwera ndi kutsika,
kudzaza dzenje, kupala chotupa.
Lachiwiri chiperoni chinafika,
chinameza Ndirande yense, chinalowa pazenera,
khoma n'kukana kuuma.
Masiku awiri ndinangoliyang'ana, manja m'khwapa,
mayi akuwerenga masiku mokweza kukhitchini
kuti ndimve.

Lachisanu magetsi anazima galayindala ili pakati pa tayilosi.
Zotsala tinadula pamanja,
Yotamu anaswa zinayi, ine ziwiri,
ndinamuuza kuti tinene zitatu.

Kutsogolo zonse zathunthu, mizere ili njo,
levulo yagona kadontho kali pakatikati.
Koma kupendama sikufa, kumangosamuka.
Ndinakukankhira kumbali,
kukona ya kuzenera kumene katani amagwera:
zidutswa khumi ndi chimodzi, chilichonse muyeso wakewake,
chapansi chotambalala ngati chikhatho,
chapamwamba chongoposa chala chimodzi.
Amene adzakankhe kataniyo adzandidziwa.

Loweruka mayi anaima pakati pa chipinda,
anapendeketsa mutu uku, kenako uku.
"Zakongola. Koma siling'i yanga yatani?
Sinali yopendama chonchi."

Inali choncho, mayi, zaka zonsezi.
Siling'i, zenera, shelefu ya zithunzi za malemu,
zonse zinkapendamira limodzi
popanda woulula mnzake.
Ine ndangoongola chimodzi.
Izi ndinayankha mumtima.
Pakamwa ndinati, "N'kuwala kwa pazeneraku, muzolowera,"
ndinalandira ndalama yochotsedwa ya matayilosi atatu.

Pano ndili mu minibasi ya ku Bangwe,
ndowa pamiyendo, simenti yauma m'ming'alu ya zala.
Kumbuyoku mwina ayatsa kale nkhuni.
Kwathu kuli mbaula,
kuli chitseko chofuna phewa kuti chitseguke,
kuli khoma la kuchipinda lomwe ndinamanga ndekha
chaka chomwe simenti inakwera mtengo.
Chingwe ndi kamwala kake zili m'thumba lam'kati.
Kunyumba sindizitulutsa.