Bokosi Lachisanu ndi Chiwiri

Kuchipinda chakumbuyo sitiyatsa magetsi masana.
Kuwala kumalowera pagalasi long'aluka
n'kugwera mabokosi khumi ndi awiri
amene ine ndi chiswe takhala tikulimbirana
chilembedwere changa ntchito muno.
Chiswe chawerenga ambiri kuposa ine.

Lachiwiri kunabwera mayi wa ku Ailandi,
atakwezedwa panjinga kuchokera ku Kapata,
fumbi lofiira lili mbuu m'nsidze.
Dzina ndi Nuala.
Ankafuna mchemwali wa agogo ake,
sisitere amene anachoka ndi sutikesi imodzi
osabwereranso.
Kwawo, akuti, laibulale ya m'tauni yawo inasunga
tsiku la ubatizo, dzina la sitima,
kenaka pepala linangoti zii.

Ndinatsitsa bokosi lachisanu ndi chiwiri.
Ndinauzira. Tonse tinayetsemula.

Kaundula wa odwala, inki itasanduka tiyi wosalowerera.
Lisiti ya kwinini.
Maenivulopu odindidwa Fort Jameson.
Kalata imene sinatumizidwe:
mvula yayamba, denga likudontha pabedi lachitatu,
nditumizireni nsapato.
Nuala anatembenuzira nkhope kukhoma
kuti misozi isagwere papepala.
Ndinamukonda chifukwa cha chimenecho.

Pansi penipeni panali chithunzi.
Sisitere waima pamthunzi wa mango,
pambali pake bambo wagwira njinga,
chikwama cha mankhwala atachimanga ndi luzi.
Kuseri kwake analembako mayina atatu onse a sisitere,
ndiye mawu awiri: ndi mnyamata.

Mnyamata wa imvi.
Mnyamata wa mitsempha yotupa m'miyendo,
amene anapalasa kuwoloka Lunkhwakwa itadzaza,
kaya kangati.

Nuala anajambula zonse pafoni,
anandisiyira ndalama ya mankhwala a chiswe,
Lachinayi anakwera basi ya ku Lusaka
mchemwali wa agogo ake ali m'thumba.

Ine ndatsala ndi bamboyu.
Makutu akewo ngati a kwa Shanzi ku Mtenguleni,
koma khutu si kaundula.
Ndakulitsa chithunzi, ndachimata pachitseko,
pansi ndalemba ndi makala: Mukumudziwa?
Ana a sukulu amujambulira ndevu.
Ndafufuta.

Pali mkulu wina wokonza njinga tsidya la msewu,
a Zilole Maseko.
Kawiri tsopano awoloka, girisi ali m'manja,
kuima, kuyang'anitsitsa,
milomo ikugwedera ngati akuwerenga chammtima.
Sananene kanthu.
Pensulo ndasongola kale,
ili m'thumba la malaya.