Chigongono Sichinama

Chiperoni chatikhalira masiku atatu pa Makwasa.
Mizere ya tiyi yamira m'nkhungu,
ndipo ine ndatseka zenera,
pansi pa chitseko ndatsekapo ndi thumba la feteleza
kuti mphepo isamupeze mwana wanga ali chibadwire.

Esinati wagona chammbali,
ulusi wa ku Malamulo ukumukokabe pamimba.
Kuwerama sangathe, koma pakamwa sanasokepo:
"Bambo a Ekari, yambani ozizirawo,
otentha pambuyo.
Ketuloyo ibwerere pambaula, kutali uko.
Thaulo lili pafupi? Thewera? Kachipewa?
Mukamuika m'madzi palibenso kudzuka."

Ndinaviika dzanja m'beseni, ndinati ali bwino.
Anaseka mpaka kugwira bala.
"Manja amenewo?
Zaka khumi ndi chimodzi akuthyola tiyi,
amatola khala lamoto ngati akutola mtedza,
lero akuuzeni zoona?"

Ndinapinda malaya, ndinatsitsa chigongono,
chiwalo chomwe sindinachifunsepo nzeru chibadwire.
Madzi anandiluma.
Ndinakhala chete, nkuthira makapu awiri ozizira,
nkuvundula, nkufunsanso.
Ulendo uno chigongono sichinadandaule.

Dengu la makilo makumi awiri
ndimakwera nalo chitunda ndikuimba mluzu.
Uyu wa makilo atatu ndi theka
wandinjenjemeretsa mawondo.
Mutu wake pamkono panga,
zala zanga zazungulira kukhwapa,
khosi lake likadali lopanda mwini.
Mchombo unagwa Lachiwiri, pauma bwino;
masiku onsewa tinkangomupukuta ndi kansalu.
Lero ndiye akumana ndi madzi maso ndi maso,
madzi ake ongofika zala zinayi.

Mapazi anayamba kulowa.
Anatambasula manja ngati wagwa m'maloto,
anakwinya nkhope kukonzekera mlandu,
kenaka anausiya.

Kumaso madzi okha, opanda sopo.
Kuseri kwa makutu.
M'mapindi a khosi momwe mkaka umabisala nkusasa.
Paliwombo ndinadutsa ngati ndikuponda m'munda mwa eni,
pakugunda pang'onopang'ono pansi pa chala changa,
ndinamva kuti munthu ali m'katimo.
Sopo atangomukhudza
anaterera ngati mlamba wa mu Nsuwadzi,
ndinalimbitsa dzanja, mtima uli m'khosi.

Pomwepo: "Odi! Odi kuno!"
Mawu a Namakhwa,
yemwe wakhala akundizemba chiyambire Febuluwale.
"Achimwene, ndabwera nazo ndalama zija!"
Phazi langa linayamba lokha kuloza kuchitseko.
Masitepe anayi basi,
kutsegula, kulandira, kubwerera.

Esinati sanayankhule. Anangondiyang'ana.
Ndinayang'ana beseni.
Madzi a zala zinayi ndi ochepa,
sangamize ngakhale supuni yoimirira,
koma akwana kumeza dzina
lomwe tatcha dzana lomweli.

"Dikirani pakhondepo!" ndinakuwa,
"Kapena mubwere mawa. Manja onse ali ndi ntchito."

Ndinamutsukuluza msanga asanazizidwe,
ndinamuvuula akudontha, akulira tsopano ndi mphamvu zonse,
thaulo linamulandira mutu ndi miyendo yomwe.
Osakhula, anati mayi ake, kungogunda pang'ono,
m'khwapa, m'mphechepeche, pakati pa tizala.
Thewera ndinamanga mokhota. Linagwira.
Kachipewa kachikasu kanatsika mpaka m'maso.
Atafika pabere, dziko lonse linatonthola.

Madzi ndinakataya nthawi yomweyo kuseri,
beseni nkulivundikira,
poti kamwana ka a Mulekano kayamba kukwawa
ndipo sikadutsa chinthu chonyezimira.

Pakhonde panalibe munthu.
Mapazi a Namakhwa analowera kunjira ya kumsika,
nkhungu ikuwafufuta limodzilimodzi.
Ndinaima pamenepo, malaya opindabe mkono umodzi,
mphepo ikundiuza pomwe panyowa.

M'nyumba Esinati anaitana:
"Loweruka mudzamusambitsanso inu."
Sanafunse. Inenso sindinakane.