Mpweya Wobzikula

Ena akamira timawatsata ndi maso,
thovu limatumphuka, bwata bwata,
woyang'ana n'kudziwa kuti mnzake ali moyo.
Koma Ajasi akalowa m'damu la Mulunguzi
madzi amatseka pakamwa, zii.

Ine ndatsala ndi chingwe m'manja.
Nkhungu ikutsetsereka m'mapaini,
wotchi ikudya mphindi imodziimodzi.

M'mawa ndinamuona akulongedza laimu m'chigubu,
timibulu toyera ngati mpunga wosweka,
akugogoda m'mbali, go, go, go,
kuti pasatsale kanjira kozembera.
Anati: Likongwe, makinawa ndi ng'ombe, amabzikula.
Chimene ndapuma sichitayika.
Chimayenda m'paipi, chimachezedwa ngati chidulo,
laimu n'kugwira utsi wa m'thupi,
kabotolo n'kudontheza okosijeni
mwa dzanja louma la wothira mchere wopempha,
mpweya womwewo n'kubwerera kwa mwini wake
uli wofunda.

Nanga akanama? ndinafunsa.

Anandionetsa mboni zitatu zobisika m'chivindikiro,
tating'ono ngati zitsekerero za botolo.
Imodzi ikapotoza, ziwiri zimaikana.
Zonse zikagwirizana bodza?
Anaseka, n'kusisita silinda ya pambali:
ndiye chifukwa chake ndimanyamula mlamu uyu.

Okosijeni akachepa, akuti, sumva kupweteka,
umangowodzera ngati mwana kumbuyo.
Akachuluka pansi pakuya
thupi limazirika, mano n'kulavula paipi.
Pakati pa imfa ziwirizo pali kamlatho
ka manambala obiriwira pamkono pake,
ndipo iye akuyenda pamenepo tsopano, mumdima,
akupapasa chipata chachitsulo chimene chakakamira matope.

Kumunsi, ku Chinamwali, mtsikana watsegula mpopi.
Ku Sadzi wina akutsuka khasu.
Sakudziwa kuti madzi awo ali ndi munthu m'mimba.

Mnyamata wogulitsa sitiroberi waima pambali panga.
Bambo, mukuwedza chiyani?
Ndikuwedza mnzanga.
Wayang'ana madzi osalala, wayang'ana ine,
wachoka osatsatsa malonda.

Ndayesa kupuma monga apumira iye,
kumeza zomwe ndatulutsa m'zikhatho.
Kasanu kokha, mutu waphulika.
Ine laimu ndilibe.
Zanga zonse zoipa ndimangozisiyira mphepo,
mitengo n'kundisenzera osadandaula.

Chingwe chagwedera. Kamodzi. Kawiri.
Akubwera, koma osati msanga:
adzaima panjira ngati basi ya ku Jali,
kudikira magazi atsitse katundu wawo mwaulemu.
Mphindi makumi awiri ndikuona kachikasu ka chigoba chake
katangoti duu pansi pa mapazi anga,
kosayandikira, kosachoka.

Kenaka mutu, vuu.
Watseka valavu, walavula mphira,
milomo ili mbuu, mphuno ili ndi mzere wa galasi.
Sanalankhule za chipata.
Wakoka mpweya wa phiri, wautali, waulere,
wonunkhira utomoni ndi mvula ya dzulo,
n'kuutaya wonse,
monga wolemera.