Nsungwi ya Mamita Asanu ndi Awiri

Bonjesi anayala kabuku pa boneti ya thirakitala
pansi pa nimu wa pa kopaletivi, ku Ngabu,
chala cha girizi chikudinda zithunzi.
Mutu uwu ndi wa mamita asanu, ngati wathu wakalewu.
Uwu ndi wa asanu ndi awiri.
Sankha, Zuze, woyendetsa makina okolola ndiwe.

Ndikanayankha pomwepo.
Dzuwa la kuchigwa ndimalidziwa:
likangoima paliwombo soya sadikira munthu,
makoko amathetheka ngati mbuliwuli m'chiwaya,
njere n'kulumphira m'ming'alu ya makande
momwe chala sichifika.
Chaka chatha tinakolola masiku khumi ndi atatu,
atatu omalizawo tinkangometa mapesi opanda kanthu.
Mutu waukulu ukanamaliza m'masiku asanu ndi anayi,
kukhota kochepa, dizilo wochepa,
ine n'kugona msana usakulira.

Mayi Fulukiya, msungichuma, zithunzi sanaziyang'ane.
Anayang'ana nambala ya m'munsi mwa tsamba
n'kufunsa ngati pakamwa pakakula
mmero nawo umakula.
Bonjesi anaseka, kenaka anasiya kuseka.
Injini yathu imatsokomola kale ikameza mizere khumi.

Ndinapempha usiku umodzi.

M'mamawa kusanatenthe ndinadula nsungwi ziwiri,
ndinazilumikiza ndi mphira wa chubu,
tepi inati asanu ndi awiri ndendende.
Ana opita kusukulu anandifunsa
ngati mu Shire mwabadwa mlamba wofuna mbedza yotere.

Pa kamlatho ka ngalande nsungwi inakana kudutsa chopingasa.
Ndiye kuti ngolo yokokera mutuwo,
ndalama zina zimene kabuku sikanatchule.

M'munda wa kumtunda inagona bwino ngati pa mkeka.
M'munda wa kumunsi,
kumene madzi osefukira anasiya mchenga milumilu,
inakhudza pansi pakati pokha,
mbali iyi ili m'malere, dzanja langa lonse kulowa kunsi kwake.
Soya amaberekera pafupi ndi nthaka, zala zitatu basi.
Mpeni wautali ukakwera kachitunda
uku umadya dothi,
uko umadumpha makoko a pansi, onenepa kuposa onse.

Ndinakhala m'mphepete mwa ngalande, nyerere zikundiyendera,
ndikuganiza za Nyamiti, mlongo wanga,
amene amalondola makina ndi beseni pamutu
kukunkha zimene mpeni wanga wasiya.
Chaka chatha zokunkhazo zinalipira fizi ya Tchale teremu yonse.
Mutu waukulu pa nthaka yokhotayi ungamusiyire mabeseni ambiri.
Maganizowo anandikomera,
ndipo ndinachita manyazi kuti andikomera.
Soyayu si wanga.
Ndi wa anthu makumi asanu ndi limodzi olembedwa m'buku,
ambiri a iwo alibe mchimwene m'kabini.

Ndinabwerera ku ofesi nsungwi ili paphewa,
malaya atamatirira kumsana.
Ndinati chaka chino itanani giredala,
asalaze munda wa kumunsi madzi asanatsegulidwe.
Tisinthe mano a mpeni wakalewu,
asanu ndi atatu ndi oguluka.
Ine ndidzalowa m'munda mame atangouma,
makoko asanapse mtima,
nkhomaliro ndidzadyera pachiwongolero.
Nsungwi iyi ikadzagona pansi yonse, kuno mpaka uko,
za mutu waukulu mudzandifunsenso.

Palibe anaomba m'manja. Kunkatentha.
Bonjesi anapinda khutu la tsamba lija
n'kuika kabuku m'thumba la ovolosi,
mbali ya kumtima.
Nyamiti sindinamuuze kanthu mpaka lero.

Nsungwi ndaigoneka pa mitanda ya denga la shedi,
mavu ayamba kale kumangapo.
Mayi Fulukiya ailemba m'buku la katundu,
pakati pa jeke ndi migolo ya dizilo:
choyezera chimodzi,
mtengo wake palibe.